Giya yachiwiri ndi chisanu cha ku Jet Park

M'miyezi ya June ndi July, dzuwa ku East Rand limatuluka nthawi ikuthamangira 7 koloko, ndipo limapeza anthu atayamba kale ntchito. Jet Park, dera la mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu ku Boksburg, pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, limadzuka kudakali mdima. Mathiraki amakhala atandanda m'misewu ya Yaldwyn ndi Jones, ndipo pakati pa madalaivala, amakaniko ndi onyamula katundu omwe amathamangira ntchito atavala zipewa zaubweya, Chichewa sichisowa kumveka. Derali lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, kuposa ngakhale tauni ya Dedza, ndipo usiku wa nyengo imeneyi kuzizira kumafika pogwetsa chisanu choyera pa udzu ndi pa magalasi a galimoto. Pa 10 July 2023 mpaka kudagwa chipale chofewa mu Johannesburg ndi madera ozungulira. Ndi m'mawa wotere pomwe galimoto yamtengo wapatali, yopangidwira liwiro, imachititsa mwini wake manyazi potuluka pageti: giya yoyamba yalowa movutikira, yachiwiri yakana, kenaka yalowa ndi phokoso lija la zitsulo zokukutana lomwe aliyense wodutsa amalicheukira.

Ambiri akamva phokosolo amathamangira kunena kuti giyabokosi yatha. Nthawi zambiri imakhala isanathe, koma njira zomwe anthu amatsata pofuna kuichiza ndi zomwe zimadzaimaliza. Kukankha ndodo ya giya mwamphamvu, kusiya injini ikulira pamalo amodzi kwa theka la ola, kuthira oyilo wolimba poganiza kuti ndiye wamphamvu, kapena kugula timabotolo ta mankhwala owonjezera mu oyilo, zonsezi zimachokera pa kusamvetsa chomwe chikuchitika m'kati mwa bokosi lachitsulolo. Giya yokana m'mawa imafuna zinthu ziwiri zokha, oyilo yemwe wopanga galimotoyo adalemba m'buku ndi dzanja lodziwa kudikira, ndipo zonse ziwiri n'zotsika mtengo kuposa kutsitsa giyabokosi.

M'giyabokosi ya masiku ano mano a magiya opita kutsogolo amakhala olumana kale nthawi zonse. Dalaivala akasuntha ndodo sakulumanitsa magiya, akukankha kachitsulo kozungulira shafiti kuti kamange giya imodzi ku shafitiyo. Kuti kachitsuloko kalowe mwakachetechete, giya ndi shafiti ziyenera kuzungulira pa liwiro limodzi, ndipo ntchito yozigwirizanitsa imagwiridwa ndi mphete yaing'ono, kawirikawiri yamkuwa, yomwe amakaniko amaitcha synchro. Mpheteyi ndi buleki yaing'ono: imakhudza msonga ya giya, n'kuikhwekhweza mpaka liwiro lifanane, ndipo pokhapo ndi pomwe imatsegula njira. Nzeruyi idachokera kwa Earl Thompson wa ku America ndipo idayamba kugulitsidwa m'galimoto za Cadillac mu 1928, pomwe Porsche idabwera ndi mtundu wakewake mu 1952. Chofunika kuchigwira n'chakuti mpheteyo idapangidwa dala kuti izikana. Kulimba komwe dzanja limamva pakhomo la giya ndi mphete ikuuza dalaivala kuti nthawi sinakwane. Wokankha mwamphamvu amaigonjetsa ndithu, koma amaipala mkuwa wake ndi kubunthitsa timano tolowetsera giya, ndipo zopalikazo sizimeranso.

Kuzizira kumasokoneza ntchito ya mpheteyi m'njira ziwiri. Oyilo amachita ngati uchi: pa dzuwa amayenderera, pa chisanu amakoka. Oyilo wa giya yemwe wagona panja madigiri atatsikira pa 0 amakhala wolimba maulendo makumi angapo kuposa momwe amakhalira galimoto ikayenda ola lathunthu. Mphete isanagwire giya imayenera kufinya oyilo yemwe ali pakati pake ndi chitsulo, n'chifukwa chake imakhala ndi timizere m'kati mwake, koma oyilo wokoka sachoka msanga, choncho mpheteyo imaterereka kwa kanthawi isanayambe ntchito. Njira yachiwiri ndi yobisika kwambiri. Kilatchi ikangopondedwa, magiya a mbali ya injini amasiyidwa akuzungulira okha m'dziwe la oyilo wolimba uja, ndipo amataya liwiro mofulumira kuposa masiku onse, mwinanso kutsika kupyola pomwe giya yotsatira ikufuna. Mphete yomwe ntchito yake idali yongochepetsa liwiro pang'ono imapezeka ikukakamizika kunyamula magiya onsewo kuti athamangenso, uku oyilo akuwakokera m'mbuyo.

Chifukwa chomwe giya yachiwiri ndiyo imatchuka ndi khalidweli chikuoneka m'masamu. Titenge Toyota 86, galimoto yomwe idatuluka mu 2012, yopangidwa limodzi ndi Subaru BRZ ku fakitale ya Subaru ku Gunma m'dziko la Japan, ndipo yapezeka m'misewu ya Gauteng kuyambira nthawi imeneyo. Pa giya yoyamba injini yake imazungulira maulendo 3.626 kuti shafiti yotuluka m'giyabokosi izungulire kamodzi, pa yachiwiri 2.188, pa yachinayi 1.213, pa yachisanu kamodzi. Ndiye kuti wochoka pa giya yoyamba injini ili pa 3,000 amafuna kuti magiya a mbali ya injini atsike kufika cha m'ma 1,800, kudumpha kwa pafupifupi 40 peresenti, pomwe kuchoka pa yachinayi kupita pa yachisanu kudumphako sikufika ndi 20 peresenti yomwe. Mphete ya giya yachiwiri ndiyo imasenza katundu wolemera, ndipo imamusenza pa mphindi yoyamba ya ulendo, oyilo ali pachimake pa kuzizira. Opanga galimotoyi adaika mphete zokhudza malo atatu pa magiya atatu oyambirira pofuna kuthandiza, koma eni ake padziko lonse amadandaulabe za giya yachiwiri ya m'mawa. Eni Ferrari zakale za m'ma 1970 ndi 1980 adazolowera kuchoka pa giya yoyamba kulumphira pa yachitatu kufikira oyilo atatentha, ndipo palibe ankayesa kuti galimotoyo yawonongeka.

Galimoto zothamanga zimaonetsa vutoli mosabisa chifukwa cha kapangidwe kake. Magiya ake ndi okhuthala kuti apirire mphamvu ya injini, kotero ndi olemera kuwasintha liwiro. Ndodo yake ndi yaifupi kuti dzanja lisayende mtunda, koma ndodo yaifupi ili ngati khasu la mpini waufupi, limafuna mphamvu zambiri pa ntchito yomweyo. M'galimoto zambiri zokoka ndi matayala akumbuyo ndodoyo imalowa pafupifupi mwachindunji m'giyabokosi, popanda zingwe zofewetsa, ndiye chilichonse chochitika m'katimo chimafika pachikhatho. Palinso nkhani ya mpweya. Pamtunda wa Jet Park mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu zomwe ikadakhala nazo ku Durban. Dalaivala wofuna kulowa msanga mu msewu wa R21 kapena wa N12 amaponda moto kwambiri pa giya yoyamba pobwezera mphamvu zotayikazo, ndipo akatero amakulitsa phompho lomwe mphete yozizira iyenera kutseka.

Mwambo wotchuka ndi woliza galimoto n'kuisiya itenthe, mwini wake akumwa tiyi. Oikira kumbuyo mwambowu amaloza kasingano ka pa dashibodi komwe kakwera kufika pakati, n'kunena kuti galimoto yatentha. Kasinganoko kamayeza madzi a injini basi. Giyabokosi yosintha pamanja ya galimoto zambiri ilibe madzi oizungulira ndipo ilibe moto m'kati mwake. Imatentha ndi ntchito, magiya akamatakasa oyilo ndi kukankha matayala. N'zoona kuti injini ikamalira kilatchi isanapondedwe magiya ena amazungulira, ndipo kutentha pang'ono kumadutsa m'zitsulo kuchokera ku injini, kotero mwambowu suli wachabechabe kotheratu. Koma phindu lake ndi laling'ono poyerekeza ndi makilomita asanu kapena khumi oyenda mofatsa, ndipo mtengo wake ndi petulo wopsa pachabe, injini yokhalitsa pa kuzizira komwe kumaidya kwambiri, komanso galimoto yolira pageti m'chigawo chomwe kulanda magalimoto ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Choopsa china n'chakuti kasingano kamanamiza dalaivala: amanyamuka ali ndi chikhulupiriro choti zonse zatentha, n'kusintha magiya ngati ali pa bwalo la mpikisano la Kyalami, giyabokosi idakali m'tulo.

Nkhani ya oyilo ndiyo imasokonekera kwambiri m'magalaja ang'onoang'ono, ku Boksburg kuno ngakhalenso ku Ndirande ndi ku Biwi. Nambala ya pa botolo imanyenga. Munthu akaona 75W-90 amaganiza kuti ndi wolimba kawiri kuposa oyilo wa injini wa 10W-40, pomwe akatentha kulimba kwawo n'kofanana ndithu, kungoti a giya ndi a injini amawerengedwa pa miyeso yosiyana. Nambala ya kutsogolo kwa W ndiyo imanena za kuzizira. Muyeso wa SAE umafuna kuti oyilo wa 75W asapyole malire ena a kulimba kufikira madigiri 40 pansi pa 0, wa 80W kufikira 26 pansi pa 0, wa 85W kufikira 12 pansi pa 0. Kuzizira kwa ku East Rand sikufika kumeneko, koma kusiyana kwa oyilo atatuwa kumamveka m'dzanja ngakhale pa madigiri 3. Makaniko yemwe ali ndi mgolo umodzi wa 85W-140 wa madifu a mathiraki, n'kumathira womwewo m'galimoto iliyonse yolowa pagalaja, amamupatsa kasitomala giya yolimba m'mawa uliwonse kufikira September.

Zilembo za GL-4 ndi GL-5 nazo zimaoneka ngati makalasi a kusukulu, ngati kuti 5 idapambana 4. Oyilo wa GL-5 adapangidwira magiya a m'difu, omwe mano ake amakhwekhwerezana pansi pa katundu woopsa, ndipo amakhala ndi mankhwala ambiri a sulufule ndi fosifolasi oletsa zitsulo kudyana. Mphete ya synchro imafuna zosiyana ndi zimenezo, imafuna kugwira. Oyilo woterera mopyola muyeso amaichedwetsa, ndipo ena mwa mankhwalawo sagwirizana ndi mkuwa. Komabe lamulo loti GL-5 ndi mdani wa giyabokosi iliyonse nalonso ndi lolakwika, pakuti galimoto monga Subaru WRX, yomwe difu yake yakutsogolo imasambira m'oyilo mmodzi ndi magiya, imafuna GL-5 yemweyo. Ma BMW ambiri a m'ma 1990 ndi ma Ford Mustang a giyabokosi ya T5 amathiridwa oyilo wofiira wopepuka wa magalimoto a otomatiki ngakhale ali osintha pamanja, ndipo Honda ili ndi oyilo wakewake. Palibe lamulo limodzi loti makaniko aloweze pamtima. Pali buku la galimotoyo, kapena chomata pa giyabokosi, ndipo makaniko amene amayamba wawerenga asanatsegule botolo sakuonetsa umbuli, ndiye woyenera kumubwerera. Timabotolo tolonjeza kufewetsa magiya timagwa pa mfundo yomweyi: tambiri timachepetsa kukhwekhwereza, chinthu chomwe mphete imadalira.

Pali funso lomveka lomwe Mmalawi wogula galimoto ku Joni angafunse. Galimotoyo sikhalitsa pa chisanu cha Gauteng. Idutsa Musina, iwoloke pa Beitbridge, ipyole Harare ndi Nyamapanda, itsikire ku Tete komwe mu October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40, kenaka Zobue ndi Mwanza, mwinanso kukathera ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Kodi oyilo wopepuka wofewetsa giya m'mawa sangasanduke madzi kumeneko? Yankho lili pa nambala yachiwiri. Oyilo wa 75W-90 ndi wa 80W-90 onse ayenera kukhala m'malire amodzi a kulimba pa madigiri 100, kutentha koposa komwe giyabokosi yabwino imakhala nako pa ulendo wamba. Wosankha woyambayo sataya chitetezo cha ku Tete, amangowonjezera kufewa kwa m'mawa, komwe adzakufunanso ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzuzu ndi m'masiku a chiperoni ku Thyolo. Cholakwika chingakhale kutsika pansi pa nambala yachiwiri yomwe buku lidalemba pofuna giya yofewa ngati ya galimoto yatsopano. Pamenepo ndiye kuti munthu wagula kukoma kwa mphindi khumi ndi moyo wa mabeyaring'i.

Mbali ya dzanja ndi yosavuta kuifotokoza koma imafuna kudziletsa. Kilatchi ipondedwe mpaka pansi, osati theka. Ndodo ichoke pa giya yoyamba injini isanakwere kwambiri, ifike pakhomo la yachiwiri, n'kutsamira pamenepo ndi mphamvu ya zala ziwiri kapena zitatu. Pakapita kamphindi kosakwana sekondi imodzi ndodoyo imamezedwa yokha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako n'kwa sekondi imodzi yokha. Giya yoyamba ikakana galimoto itaima, kukhudza kaye yachiwiri kapena yachitatu kumaimitsa magiya ozungulira, ndipo yoyamba imalowa bwino. Pa makilomita oyamba giya yoyamba isakakamizidwe galimoto ikuyendabe. Ndipo pomwe yachiwiri yaumirira, pali luso lomwe lili tsidya lina la msewu womwewo wa ku Jet Park, m'manja mwa madalaivala a mathiraki omwe adaphunzirira pa magiyabokosi opanda mphete monga a Eaton Fuller: kuponda kilatchi kawiri. Dalaivala amachotsa giya, kusiya kilatchi ndodo ili pakati kuti injini igwirenso magiya ndi kuwapatsa liwiro loyenera, n'kupondanso polowetsa giya yotsatira, ndipo potsika giya amaponda moto pang'ono ali pakatipo.

Ena amaseka lusoli kuti ndi la makedzana, loti lidatha ntchito mu 1928. M'galimoto yotentha akunena zoona, mphete imakwanitsa yokha. Koma m'mawa wozizira lusoli limachotsera mpheteyo katundu pa nthawi yomwe ili yofooka, ndipo opanga magalimoto eni ake sadalitaye, adangolipereka kwa kompyuta. Giyabokosi ya I-Shift ya mathiraki a Volvo, yomwe idayamba mu 2001, imadalira kompyuta kugwirizanitsa liwiro la injini ndi la magiya. Nissan 370Z idabwera mu 2009 ndi makina oponda moto okha dalaivala akamatsika giya, ndipo Toyota ili ndi zofanana nazo mu GR Yaris ndi GR Corolla. Makina a m'galimoto zing'onozing'onowa amathandiza kilatchi kugwira mosagwedeza, ngakhale sachotsa ntchito ya mphete monga kumachitira kuponda kilatchi kawiri, choncho phazi ndi dzanja zidakali ndi gawo lawo.

Wina anganene kuti yonseyi ndi nkhani ya anthu olemera, yosakhudza munthu yemwe adabwera ku Joni kudzasaka ya sukulu ya ana. Kunenaku kukuiwala komwe magalimoto amenewa amathera. BMW 325iS, gusheshe yotchuka yomwe idapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, lero ndi chuma cha anyamata a masewero ozungulitsa galimoto a ku Soweto ndi m'makomboni a East Rand. Golf GTI yomwe idagulidwa yatsopano ndi bwana wa kampani imafika kwa mwini wake wachitatu kapena wachinayi, ndipo ameneyo ndi amene amalipira ukali wa manja a eni ake oyamba. Komanso mphete ya mu Toyota 86 imagwira ntchito mofanana ndi ya mu Citi Golf, mu Hilux ndi mu minibasi ya Hiace yonyamuka ku Wenela mbandakucha. Galimoto yothamanga imangofuula zomwe zinazo zimanong'ona. Ndipo ngakhale magalimoto ambiri akale ochokera ku Japan akubwera a otomatiki, mabaki, maminibasi ndi malole omwe amadyetsa mabanja ambiri adakali a ndodo ndi kilatchi.

Kunena kuti giya yolimba m'mawa si matenda kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ayenera kudziwika bwino kuti mawuwa asasanduke chobisalirapo cha ogulitsa osakhulupirika. Kulimba kwa kuzizira kumasungunuka galimoto ikayenda mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Giya yomwe ikukukutabe masana, galimoto itayenda kuchokera ku Jet Park kukafika ku Pretoria, mphete yake yatha. Giya yotuluka yokha dalaivala akasiya moto ikuonetsa kuti timano tabuntha kapena china chamasuka m'kati. Magiya akamalowa mofewa injini itazima koma onse n'kumalimba ikalira, wolakwa ndi kilatchi yomwe sikulekana bwino ndi injini, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi madzi a kilatchi. Madziwa ndi omwe aja a mabuleki, amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo ambiri opanga magalimoto amati asinthidwe pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, koma eni galimoto ambiri sadawasinthepo chiigulireni. Oyilo wochepa m'giyabokosi, yemwe wakhala akudontha pang'onopang'ono, amaonetsa zizindikiro zofanana, n'chifukwa chake makaniko wosamala amayamba watsegula chotsekera cha pamwamba chothirira asanamasule cha pansi chokhetsera, kuti aone mlingo komanso kuti asakhetse oyilo kenaka n'kupeza kuti pothirira pakana kutseguka. Oyilo wakaleyo akamutsanulira m'beseni loyera n'kupita naye padzuwa, kunyezimira kwa golide kumaonetsa kuchuluka kwa mkuwa womwe mphete zataya.

Wogula galimoto yakale ali ndi chida champhamvu m'chisanu cha June ndi July, ndipo ambiri amachitaya popita kukaona galimoto masana. Giyabokosi yotentha imabisa mphete yotopa, yozizira imaiulula. Pangano likhale la 7 koloko m'mawa, ndipo asanalowe m'galimoto wogulayo aike chikhatho pa boneti ndi pa paipi ya utsi. Zikakhala zofunda ndiye kuti wina wayenda nayo kale, ndipo m'pofunika kubweranso mawa lake. Pa ulendo woyeserawo giya yachiwiri yolimba koma yolowa mwakachetechete ikadikiridwa ndi yabwinobwino, pomwe yokukuta ngakhale dzanja litafatsa ikutanthauza kutsitsa giyabokosi yonse, kuiphwasula ndi kuitanitsa mphete zomwe mwina ku Blantyre ndi ku Lilongwe sizipezeka pa shelefu. Mtengo wa ntchito imeneyo uyenera kuchotsedwa pa mtengo wa galimoto pomwepo pa Boksburg, makiyi asanasinthe manja ndipo ulendo wa ku Beitbridge usanayambe.